Dzanja la Paphewa la Andreya

Makamizeti aja anafika ku Massangulo m'thumba la feteleza lochapa, atawamanga kumbuyo kwa njinga. Anali malaya akuda bii opanda kolala, ndipo pachifuwa pake panali nkhope ya Andreya, mwamuna wa Veronika, akumwetulira pakati pa kuwala kwachikasu ngati kwa dzuwa lotuluka. Kumsana kunali dzina la amene anawakonza, Gildo wa ku Cuamba, m'zilembo zazikulu kuposa za dzina la woimbayo.

Andreya anali mlimi wa fodya monga amuna ena onse a m'mudzimo, koma ankaimbanso. Anayambira m'kwaya ya ku mishoni, kenako anthu anayamba kumuitana ku maukwati, ndipo chaka chimenecho anakajambula nyimbo zake ku Cuamba. Kwawo kunali ku Itepela. Ku Massangulo anabwera ngati mkamwini, ndipo nyumba, munda ndi chigafa chowumitsira fodya zonse zinali pamalo a akuchikazi.

Veronika anadzisankhira kamizeti imodzi n'kuivala Lamlungu lomwelo. Anaivalanso popita kuchigayo. Sanaone cholakwika chilichonse, kupatula kuti mwamuna wake ankaoneka woyererako komanso wosalala masaya ngati munthu amene sanagwirepo khasu.

Amene anaona anali Luísa, mkulu wake. Tsikulo ankasoka fodya m'chigafa, atakhala moyang'anana, mulu wa masamba uli pakati pawo. Luísa anasiya singano.

"Taima kaye. Tembenukira kuno kuli dzuwa."

"Kwagwanji, mana?"

"Kodi alamu anga ali ndi manja angati?"

"Awiri, ngati inu nomwe."

"Nanga ili n'la ndani?"

Veronika anakoka malayawo n'kuwerama kuti aone. Paphewa la Andreya, pamene jekete inkathera ndi kuyamba kuwala kwachikasu kuja, panali zala. Zinali zitagona bwinobwino, mopanda mantha, ngati za munthu wozolowera kugwira pamenepo. Mkono panalibe, mwini wake panalibenso. Zala zokha ndi kachigawo ka dzanja, zowonda, zoyera, zikhadabo zake zikunyezimira.

"Mwina ndi mmene jekete inapindikira," Veronika anatero.

"Jekete ya kuti imamera zikhadabo?"

Luísa anaimirira, n'kuika dzanja lake paphewa la mng'ono wake, kenako linalo, uku akuyang'ana pamene pankagwera chala chachikulu. Anabwereza, akutembenuza mutu ngati nkhuku yoona chimanga.

"Ndi lamanzere," anatero pomaliza. "Lamanzere lopanda mphete. Ameneyu ndi mbeta, mwana wa amayi."

Veronika anayang'ana manja ake. Anali akuda ndi utomoni wa fodya, ming'alu ili m'mbali mwa zala, ndipo mphete yake ya kutchalitchi inali italowa m'mnofu moti sinkavulikanso. Anatola singano n'kupitiriza kusoka. Madzulo ake anavula kamizetiyo n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi.

Koma kubisa imodzi sikunathandize. Makamizetiwo anali atamwazika kale. Anyamata a njinga zonyamula anthu ankawavala, wogulitsa mandasi pamsewu ankaivala, ngakhale katekisiti anali nayo yake yolimira. Luísa anangouza mnzake mmodzi yekha, koma pamene sabata inkatha, pamjigo panalibe mayi amene sanaliyeze dzanja lija. Veronika akafika ndi chidebe, nkhani zinkaduka, wina n'kuyamba kufunsa za mtengo wa sopo. Mayi wina wachikulire anamugwira pamkono n'kumuuza motsitsa mawu kuti, "Pirira, mwanawe. Oimba ndi choncho."

Dzina limene anthu ankanong'onezana linali la Valéria. Veronika anali asanamuonepo, ankangodziwa mawu ake. Ndiye ankayankha m'nyimbo za Andreya, kamawu kopyapyala kokwera pamwamba. Ankati ndi mwana wa bambo wina wogwira ntchito ya njanji ku Cuamba, wobadwira m'tauni, wosadziwa kumene fodya amamera. Poyamba Veronika ankakonda pamene mawu awiriwo ankakumana. Tsopano nyimbozo zikalira pamalo ometera tsitsi, ankamvetsera mmene Valéria ankalowera Andreya asanamalize mawu ake, n'kumadzifunsa kuti anthu amafika pozolowerana choncho ataimba limodzi kangati.

Masiku amenewo Andreya anali ku Entre Lagos, kumene ankaimba ndi kugulitsa makamizeti kwa anthu odikira sitima. Anabwera masana ena, fumbi lili mpaka m'nsidze, atanyamula gitala kumsana ndi buledi m'manja. Veronika anamupatsa madzi osamba, anamupatsa chakudya, anadikira kuti mwana wawo Temwani apite kukasewera. Kenako anatulutsa kamizeti ija n'kuiyala pamphasa.

"Bambo a Temwani, tandiuzani. Dzanja ili n'la ndani?"

"Dzanja liti?"

Anamulozera. Andreya anawerama. Anayang'ana nthawi yaitali, yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti aone zala. Veronika sankayang'ana malaya, ankayang'ana khosi la mwamuna wake, ndipo anaona akumeza malovu.

"Izi ndi za kompyuta izi," Andreya anatero.

"Kompyuta ili ndi zala?"

"Ayi, ndikutanthauza kuti Gildo ndi amene amasakaniza zinthuzi. Ine ndinangomupatsa kakhadi ka mufoni, mmene muli zithunzi zonse, n'kumuuza kuti asankhe yekha."

"Ndiye m'kakhadimo muli chithunzi chimene mkazi wakugwirani paphewa."

"Sindikudziwa, mayi a Temwani."

"Phewa ndi lanu, koma simukudziwa amene analigwira?"

Andreya anakanda m'mutu. Anatulutsa foni nati aimbire Gildo pomwepo. Anadina, anaika kukhutu, anayenda mpaka pachulu pamene foni imagwira bwino, n'kubwerera akuti sikulowa. Anayesanso mawa lake, sinalowenso. Veronika sanaone nambala imene ankadinayo, ndipo sanafunse.

Luísa sanadikire. Anapita yekha kwa amalume awo a Inácio, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, ndipo iwo anatumiza mawu ku Itepela kwa Benjamim, mkulu wake wa Andreya. Anagwirizana zokumana Lamlungu, Misa ikatha. Aliyense ankadziwa mmene milandu yotere imathera. Mkamwini akapezeka ndi mkazi wina, ndipo mwini nyumba akanena kuti watopa, mwamunayo amamanga zovala zake n'kubwerera kwawo, kusiya ana, munda ndi fodya ali m'chigafa.

"Ukangoti 'apite', apita," Luísa anamuuza. "Usakachite manyazi pamaso pa amalume."

Veronika sankafuna kuti Andreya apite. Sankafunanso kukhala ndi munthu amene mudzi wonse ukuvala umboni wake pachifuwa.

Lachisanu m'mawa ananena kuti akupita ku Mandimba kukagula ulusi wosokera fodya. Anakulunga kamizeti ija m'kapulana, chitenje chake, n'kukaima pamsewu. Shapa imene inamutenga inali minibasi yodzaza ndi matumba a nyemba, ndipo wolandira ndalama wake anali atavala Andreya pachifuwa. Ulendo wonse zala zija zinali patsogolo pa mphuno yake, zikugwedezeka galimoto ikagunda dzenje. Atafika ku Mandimba sanalowe mumsika. Anakwera shapa ina ya ku Cuamba.

Ku Cuamba anali atafikako kamodzi kokha, kalekale, ataperekeza wodwala. Anatsika dzuwa lili pamutu, mapiri akuoneka otuwa kuseri kwa nyumba. Anapeza kuti maso ake akungothamangira manja a akazi: wogulitsa nthochi, mtsikana wonyamula foni, mayi wotuluka m'sitolo. Dzanja lililonse loyera ankalitsatira mpaka kunkhope, n'kumadzifunsa ngati ndi ameneyu.

Wa njinga amene Veronika anamufunsa anawerenga dzina la kumsana kwa kamizeti n'kuseka. "Gildo? Amene uja amalemba dzina lake ngakhale pamalaya a maliro? Kwerani, mayi."

Kanyumba ka Gildo kanali kuseri kwa msika, pakati pa wokonza mafoni ndi telala. M'kati munkanunkha utoto ndi nsalu yotentha. Pakhoma panali zithunzi za oimba, ena ataima pafupi ndi magalimoto amene sanali awo, ena kumbuyo kwawo kuli nyumba zosanjikizana zimene m'chigawo chawo cha Niassa mulibe. Gildo anali mwamuna wamfupi wa ndevu zometa mwaluso. Anamulonjera m'Chipwitikizi, kenako m'Chimakuwa, ndipo ataona kuti sakuyankha anayesa Chinyanja chake chodumphadumpha.

"Mukufuna chiyani, mayi? Makamizeti a kwaya? A chikumbutso?"

Veronika anayala malaya aja patebulo n'kuika chala chake chakuda pafupi ndi zala zoyerazo.

"Ndikufuna mwini wa ichi."

Gildo anayang'ana. Ananyamula malayawo n'kupita nawo pakhomo pamene panali kuwala. "Epa!" anatero. Anatenga ina pa mulu umene unali pakona, anaiyang'ana, anatenganso ina. "Epa, epa. Onse?"

"Onse. Mpaka katekisiti."

"Koma mwini wake anaona! Ndinamutumizira pafoni, iye anati zili bwino, sindikiza."

"Pafoni yake ija yosweka galasi?"

Gildo anakhala pansi. Anamuyang'ana Veronika kuyambira kumpango mpaka kumapazi, ndipo nkhope yake inasintha.

"Inu ndinu ndani wake?"

"Ndine amene ndimamuchapira."

"Aa." Anasuntha mpando wake pang'ono, thupi lake n'kutchinga kompyuta. "Mayi, ine ntchito yanga ndi zithunzi. Munthu amabwera ndi kakhadi kake, ine ndimakonza, iye amapita. Za m'nyumba za anthu ine sindilowamo."

"Ndiye kuti mukumudziwa mkaziyo."

"Sindinatero."

"Munamuona."

"Ndinamuona, inde, popeza ndine ndinamufufuta. Koma ndimafufuta anthu ambiri, mayi. Sindiwafunsa mayina."

Mpaka nthawi imeneyo Veronika anali ndi kachiyembekezo kakuti mwina kompyuta imatha kumeretsadi zala payokha. Tsopano anamva ndi makutu ake kuti panali mkazi, wathunthu, ndipo amuna awiri anamuchotsa n'kuiwala dzanja.

"Anakuuzani ndi iye kuti mumufufute?"

"Muimbireni mwini wake, mayi. Akalola, ndikuonetsani."

"Foni yanu akuti sikulowa."

"Yanga? Ili apa, ikulira tsiku lonse." Atangonena anazindikira kuti waipitsa, ndipo anatseka pakamwa.

Veronika anavula patapata, anayala kapulana yake pansi pakati pa khomo, n'kukhala atatambasula miyendo.

"Ine ndachokera ku Massangulo," anatero mofatsa. "Shapa yobwerera sindikuithamangira. Gwirani ntchito yanu, bambo, ine ndikhala pano."

Anabwera munthu wofuna makadi a ukwati, anaima pakhomo, anayang'ana mayi wokhala pansiyo, n'kunena kuti abweranso. Telala wa pafupi anasuzumira, kenako anaitana wokonza mafoni kuti naye adzaone. Gildo anapirira kwa kanthawi, akunamizira kudinadina. Pomaliza anapumira m'mwamba n'kutembenuza kompyuta.

"Bwerani. Koma mukaona, musandiswere zinthu."

Zithunzi za m'kakhadi ka Andreya zinayamba kudutsa. Mbuzi yawo yamawanga. Nazale ya fodya. Temwani atavala yunifomu yaikulu. Gitala itatsamira khoma. Kenako panabwera china: Andreya ali pafupi ndi njanji, thukuta lili kumaso, ndipo pambali pake mtsikana wonenepa bwino akuseka, mutu wake utatsamira pafupi ndi khutu lake.

"Imani pamenepo."

"Si chimenechi, mayi."

"Ndati imani. Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi Valéria, woyankha nyimbo uja. Kunali ku Entre Lagos, ulendo woyamba."

Veronika anayandikira. Manja a Valéria onse ankaoneka, atagwira botolo la chakumwa. Anali aafupi, onenepa, mphete zili pafupifupi chala chilichonse. Sanali manja a pakamizeti. Koma anayang'anabe mpata umene unali pakati pa mutu wa mtsikanayo ndi khutu la mwamuna wake, mpata woti tsamba la fodya silikanadutsa.

"Pitirizani," anatero.

Gildo anadutsa zina zingapo, n'kuima. "Ndi ichi."

Chinali chithunzi cha pabwalo la tchalitchi cha ku mishoni, khoma la njerwa zofiira lili kumbuyo. Andreya anali atavala jekete yobwereka, akumwetulira. Pambali pake panaima mayi wovala kapulana yobiriwira ndi mpango wofanana nayo, maso atatsinzina pang'ono chifukwa cha dzuwa, dzanja lake lili paphewa la Andreya.

Veronika anaidziwa kapulanayo asanaidziwe nkhope. Inali m'sutikesi kunyumba. Unali ukwati wa msuweni wake, chaka chathachi, nthawi ya chilimwe fodya atagulitsidwa kale. Mlamu wina anatenga foni ya Andreya n'kuwakalipira kuti, "Mwaima ngati mitengo ya magetsi bwanji? Gwiranani!" Veronika anachita manyazi, anaika dzanja kwa kamphindi n'kulichotsa. Chithunzicho sanachione n'komwe.

Gildo anayang'ana pakompyuta, anayang'ana mayi amene anaima pambali pake, anayang'ananso pakompyuta.

"Mayi," anatero pang'onopang'ono, "ameneyu si inu?"

"Koma ili ndi lamanja," Veronika anatero. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono. "La pamalaya ndi lamanzere."

"Ndinachitembenuza." Gildo anadina, ndipo chithunzi chonse chinatembenuka ngati pagalasi, Andreya n'kuyang'ana mbali ina. Anadinanso, chinabwerera. "Ankayang'ana kunja, ine ndinkafuna ayang'ane kumene kuli zilembo. Timatero nthawi zonse."

"Nanga kuyeraku?"

"Ndinawalitsa. Malaya akuda amameza nkhope, ndiye timawonjezera kuwala, timasalaza khungu. Dzanjalo linawalira limodzi." Anadina zina, ndipo Veronika anaona dzanja lake likuyera, makwinya akusungunuka, zikhadabo zikuyamba kunyezimira. Kenako Gildo anayendetsa kanthu kozungulira, ndipo kapulana yobiriwira ija inayamba kutha, mkono unatha, nkhope inatha.

"Basi, basi," Veronika anatero. "Ndibwezereni."

Anamubwezera.

"Anakuuzani ndi iye kuti mundichotse?"

"Ayi. Iye anati, sankha chimene ndikuoneka bwino. Chimbale ndi cha munthu mmodzi, mayi, pamafunika nkhope imodzi."

"Ndiye munaona kuti akuoneka bwino ine nditachokapo."

"Si choncho! M'zithunzi zina zonsezi akuoneka ngati akudikira jakisoni. Taonani nokha. Chabwino chinali chomwechi." Gildo anapukuta thukuta. "Ndikonzanso, mayi. Ndichotsa dzanjalo bwinobwino, osatsala kanthu."

"Musachotse chilichonse. Mwachotsa zokwana. Mundisindikizire ichi papepala mmene chilili." Anaganiza pang'ono. "Ndi cha kunjanji chija. Ndipo mwini kakhadi akaimba, simunandione."

Pobwerera anagula ulusi ku Mandimba kuti asafike chimanjamanja. M'shapa anafuna kuseka, koma kuseka sikunabwere. Ankangoona Andreya atawerama pamphasa, akumeza malovu. Ankaonanso Andreya ali pachulu, foni ili kukhutu, akuimbira munthu amene foni yake inkalira tsiku lonse.

Kunyumba sanauze aliyense, ngakhale Luísa.

Lamlungu anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya amalume. A Inácio anakhala pampando, Benjamim pa mtondo wogubuduza, akazi pamphasa. Andreya anakhala payekha pachitsa, manja ali pakati pa mawondo. A Inácio anali munthu wosafulumira. Anafunsa kaye za mvula ya ku Itepela ndi za mwendo wa amayi ake a Benjamim. Kenako anatenga kamizeti n'kuiyala pansi pakati pa onse.

"Akamwini," anatero, "ife sitidziwa za makompyuta. Timadziwa kuti dzanja limakhala ndi mkono, mkono umakhala ndi munthu. Tiuzeni munthuyo, tione pogwira."

"Amalume, ndanena kale kuti sindikudziwa bwinobwino."

"Bwinobwino," Luísa anabwereza. "Mwamva? Tsiku lija ankati sakudziwa. Lero sakudziwa bwinobwino. Tikadikira Lachitatu adziwa."

"Luísa, mlandu uli ndi eni ake," a Inácio anatero. Anatembenukiranso kwa Andreya. "Mapanga awiri avumbwitsa, akamwini. Ngati kuli phanga lina, nenani pano pali abale anu."

Benjamim anamugunda mng'ono wake ndi phazi. "Yankhula, iwe. Ndayenda ulendo wonsewu kudzamvera chete wako?"

Andreya anayang'ana Veronika. Veronika ankayang'ana nyerere imene inkakoka kachitsotso m'mphepete mwa mphasa. Mapepala awiri aja anali m'kapulana, pamimba pake.

"Mwina ndi la Valéria," Andreya anatero pomaliza. "Amene timaimba naye. Ku Entre Lagos titamaliza kuimba anthu ankatijambula, iye anabwera pafupi. Sindikumbuka pamene anaika manja. Ndinaopa kufunsa Gildo, chifukwa akanati ndi lake, ndikanalowa bwanji m'nyumba? Koma palibe china, amalume. Ndi kuimba kokha."

"Ehee!" Luísa anawomba m'manja kamodzi. "Ine ndinanena! Lamanzere lopanda mphete!"

Benjamim anagwira kumutu. A Inácio anati, "Veronika, mwana wa mlongo wanga, wamva wekha. Nyumba ndi yako. Ukuti bwanji?"

Veronika anatulutsa pepala limodzi, analiwongola pabondo, n'kulipereka kwa amalume ndi manja awiri. A Inácio analitalikitsa, analiyandikitsa, anayang'ana kamizeti, anayang'ananso pepala. Mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Luísa," anatero, "tabwera udzamuone mbeta wako."

Luísa analanda pepalalo. "Iyi ndi kapulana ya pa ukwati wa... Koma ili ndi lamanja!"

"Anachitembenuza ngati pagalasi," Veronika anatero. "Ndinapita ku Cuamba Lachisanu. Ndinaona ndi maso anga akundifufuta."

Benjamim anaseka mpaka anatsala pang'ono kugwa pamtondo. "Ndiye mlandu uli pati? Munthu wagwidwa ndi mkazi wake yemwe! Amalume, tipatseni thobwa tizipita."

Andreya anali atatenga pepalalo ndipo ankaliyang'ana kukamwa kuli yasa. Anayamba kumwetulira, koma atakweza maso anapeza kuti Veronika sakuseka.

"Amalume, ndisanamalize," Veronika anatero. "Dzanja ndi langa, pamenepo palibe mlandu. Koma mwamuna amene phewa lake limagwiridwa ndi mkazi wake yekha akanandiyankha tsiku loyamba lomwe. Akanati, ngati si lako ndiye ndi la mzukwa. Awa anakhala sabata yonse akuwerenga m'mutu kuti kodi lingakhale la ndani."

Kuseka kwa Benjamim kunazima.

"Nanunso simunalidziwe, mayi a Temwani," Andreya anatero motsitsa. "Dzanja lanu lomwe."

"Zoona. Sindinalidziwe." Anatulutsa pepala lachiwiri n'kuliika pamphasa, osapatsa munthu. Onse anawerama. Valéria ankaseka, mutu uli pakhutu la Andreya, njanji ili kumbuyo. "Ichi ndi chimene mumanena?"

"Ndi chimenecho."

"Chilipo china chimene sichinalowe m'kakhadi?"

"Palibe."

Veronika anamuyang'ana nthawi yaitali. Andreya sanathawitse maso, ngakhale chikope chake chimodzi chinkanjenjemera, ndipo Veronika sanathe kudziwa ngati n'chifukwa cha bodza kapena cha mantha chabe. Anaona kuti zimenezo palibe kompyuta imene ikanamuonetsa.

"Tikumva iwe," a Inácio anatero. "Apite kapena akhale?"

"Akhale. Akanabisa za kunjanjizi, ndikanati apite, chifukwa ndinali nditaziona kale. Wanena yekha, ndiye akhale." Anapinda mapepala onse awiri n'kuwabwezera m'kapulana. "Koma Loweruka akukaimba ku Mandimba. Ndipita nawo. Ndikufuna ndikamupatse moni Valéria, mwana wa eni akeyo, andidziwe nkhope."

"Pamenepo palibe choletsa," a Inácio anatero. "Kapena chilipo, akamwini?"

"Palibe, amalume." Andreya anakanda m'mutu. "Kungoti shapa yake imanyamuka m'mamawa kwambiri. Komanso kumakhala phokoso, anthu oledzera, fumbi. Mwina mayi a Temwani akatopa."

"Munayamba mwadzukapo ine ndisanadzuke?" Veronika anafunsa.

Andreya anati ayi. Benjamim anadzuka, anadzikuntha fumbi kumbuyo, n'kumuuza mng'ono wake kuti amuperekeze mpaka pamsewu, ali naye mawu.